Kuchokera ku Chelinda Kutsikira ku Nyanja

M'dziko muno muli malo ena amene maina ake amamveka kaŵirikaŵiri pa wailesi, ndipo ana asukulu amawaloŵeza pokonzekera mayeso, koma anthu amene adapondako ndi oŵerengeka. Nyika, Livingstonia ndi Manchewe ndi ena mwa maina otere. Omvera a ku Nsanje, ku Mchinji kapena ku Mangochi angaganize kuti aŵa ndi malo otalikirana, oyenera alendo akunja okha. Zoona zake n'zakuti malo ameneŵa adasanjikizana ngati makwerero atatu a nyumba imodzi m'boma la Rumphi. Khwerero lapamwamba ndi Chelinda, pakati pa phiri la Nyika. Lapakati ndi Khondowe, pamene padamangidwa tauni yakale ya Livingstonia. Lapansi ndi gombe la nyanja ya Malaŵi, kuyambira ku Chiweta, kudzera ku Chitimba, mpaka ku Chilumba m'boma la Karonga. Munthu woyenda pansi angathe kutsika makwerero onseŵa pa masiku oŵerengeka, ndipo pa ulendo umodzi womwewo adzakhala ataona mbali yaikulu ya chilengedwe ndi mbiri ya dziko lino.

Khwerero loyamba: Chelinda

Ulendo wa ku Chelinda umayambira pa boma la Rumphi. Mseu wake, umene mbali yake yaikulu ndi yafumbi, umaloŵa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nyika pa chipata cha Thazima. Kuchokera pa boma kufika ku Chelinda pali mtunda wopitirira makilomita 100, ndipo pena mseuwo umayenda m'malire enieni a Malaŵi ndi Zambia. Poyamba mlendo amadutsa m'tchire la mitengo ya masuku ndi tsamba, longa limene adalizoloŵera kwawo. Koma galimoto likamakwera, mitengo imayamba kufupika ndi kuchepa, mpaka mwadzidzidzi dziko limatseguka. Kutsogolo kumangooneka zitunda za udzu waufupi, chitunda pambuyo pa chinzake, mpaka kumene maso alekezera, ndipo nkhalango zoŵirira zimabisala m'makwaŵa mokha.

Chelinda ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga yaitali koposa ya phirili, yotchedwa Nganda, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Chifukwa cha kukwera kumeneku, kuno kumazizira kwambiri. M'miyezi ya June ndi July udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndipo ngakhale mu October, pamene anthu a ku Chikwawa amagona panja chifukwa cha kutentha, wa ku Chelinda amaotha moto madzulo.

Boma lidakhazikitsa nkhalango imeneyi mu 1965, ndipo idali yoyamba ya mtundu wake m'Malaŵi. Mu 1978 malire ake adafutukulidwa, kotero kuti lero ndi yaikulu koposa zonse, ya makilomita oposa 3,000 m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi. Popeza udzu ndi waufupi, nyama sizivuta kuona. Mbidzi zimadya poyera pafupi ndi nyumba za alendo. Ntchefu zimayenda m'magulu, ndipo chilembwe, nyama imene kwina idasoŵa kale, pano imapezeka yambiri. Mphoyo zimakonda m'madambo, mbaŵala m'mphepete mwa nkhalango, ndipo usiku ndi nthaŵi ya afisi ndi anyalugwe. Njovu zimakhala cha m'munsi kumene kuli mitengo. Mu 2017 njovu 34 zidasamutsidwa ku Liwonde kudzawonjezera zimene zidalipo. Mbalame zilipo mitundu yoposa 400. Pakati pa izo pali namzeze wobiriŵira wa mchira wautali, amene amabwera kudzaswa m'nyengo ya mvula ndi kubwerera kumpoto, cha ku Uganda ndi Kenya, mvula ikatha.

Nyengo ya mvula ndiyonso nyengo ya maluŵa. Kuyambira mu December mpaka mu March zitunda zimavala maŵanga ofiira, achikasu ndi oyera. Akatswiri a zomera adaŵerengapo mitundu yoposa 200 ya maluŵa a banja la chinaka, chomera chija chimene anthu amakumba timizu take tonga mbatata n'kuphika chikande. Mitundu ina ya zomera za pa Nyika sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Chinthu chimodzi pa Chelinda chimadabwitsa mlendo: nkhalango ya mitengo ya paini pakati pa dziko la udzu. Mitengo imeneyi si yachilengedwe. Idabzalidwa m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkayesa ngati phirili lingathe kukhala munda waukulu wa matabwa. Zisanachitike izi, mu 1949, mlembi wa ku South Africa Laurens van der Post adatumidwa kudzayendera phirili pamodzi ndi la Mulanje, ndipo ulendowo adaulemba m'buku lotchedwa Venture to the Interior. Maganizo a munda wa matabwa sadapite patali, chifukwa phirili lili kutali ndi misika ndipo miseu yake ndi yovuta. Kukadapanda kutero, bwenzi lero pa Nyika pali mizere ya paini monga ku Chikangawa. Pafupi ndi mitengoyo pali madamu opangidwa ndi anthu, mmene mudaikidwa nsomba za m'madzi ozizira zotchedwa trout, zochokera kunja.

Kuchokera pa Chelinda mlendo angathe kupita ku mathithi a Chisanga pa mtsinje wa North Rukuru, kapena ku thanthwe la Jalawe chakumpoto, pamene kukayera bwino nyanja imaoneka kutali m'munsi. Chakummwera kuli kankhalango ka mitengo yakale yonga mkungudza, ya mtundu umene umapezeka kwambiri ku Ethiopia ndi Kenya, ndipo kankhalango aka kali pakati pa malo akummwera kwenikweni kumene mtengowu umamera wokha.

Phiri limene lidali ndi eni ake

Woona zitunda zopanda mudzi angaganize kuti pa Nyika sipadakhalepo munthu. Si choncho ayi. Kummwera kwa Chelinda kuli thanthwe lalikulu la Fingira, ndipo m'mbali mwake muli phanga. Akatswiri a zinthu zakale atakumba m'phangamo m'zaka za m'ma 1960 adapeza zida zamiyala, mikanda ndi mafupa a anthu amene adakhalamo zaka zikwi zapitazo, ulimi usanafike. Pa makoma a phangalo pali zojambula zawo. M'malo ena muli mabwinja a ng'anjo zimene Aphoka, anthu a m'mapiri ameneŵa, ankasungunuliramo chitsulo. Makasu awo ankayenda mitunda yaitali pa malonda, ndipo ankaloŵanso pa malowolo.

Chakumadzulo kwa Chelinda kuli kanyanja kachilengedwe kotchedwa Kaulime. Makolo ankakalemekeza monga malo a mizimu, ndipo ankanena kuti m'madzimo mumakhala njoka yaikulu. Kumeneko ankapereka nsembe popempha mvula. Lero pa Kaulime pamamwa mbidzi ndi chilembwe, koma mlendo waulemu amakumbukira kuti waima pa kachisi wa eni dziko.

Pamene malire adafutukulidwa mu 1978, mabanja ambiri amene ankakhala m'mbali mwa phirili adasamutsidwa, nasiya minda, ming'oma ya njuchi ndi manda a makolo awo. Ena mwa iwo adakakhala kumalo otentha kumene adakumana ndi malungo amene sadawazoloŵere. Nkhani imeneyi siyenera kuiŵalika, pakuti kukongola kumene mlendo amasangalala nako lero kudagulidwa ndi misozi ya anthu ena. N'chifukwa chake masiku ano midzi yozungulira nkhalangoyi ili ndi bungwe lake loimira anthu, ndipo pali dongosolo lakuti ilandireko gawo la ndalama zimene alendo amalipira, ndi kuloledwa kuika ming'oma ya njuchi m'malo ena.

Khwerero lachiŵiri: Khondowe

Kuchokera ku Chelinda pali njira yapansi yotsikira kum'maŵa, imene alendo amayenda masiku atatu motsogozedwa ndi mlonda wa nkhalango, akugona m'matenti. Njirayo imachoka m'dziko la udzu, n'kuloŵa m'nkhalango, n'kutulukira m'minda ya khofi, nthochi ndi chinangwa ya Aphoka, mpaka kufika ku Livingstonia. Wa pa galimoto ayenera kubwerera ku Rumphi ndi kuzungulira.

Livingstonia idatchedwa dzina pokumbukira David Livingstone, amene adamwalira mu 1873, koma sindiye adaimanga. Amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland adafika pa nyanja mu 1875 ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, nakhazikika ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Malungo adawapha kumeneko, ndipo mu 1881 adasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Nakonso malungo sadawaleke. Tsono mu 1894 Dr Robert Laws adasankha chitunda cha Khondowe, chimene chili mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja, kumene mphepo ndi yozizira ndipo udzudzu ndi wochepa. Motero Livingstonia ya lero ndi yachitatu.

Pa Khondowe Dr Laws adatsegula sukulu ya Overtoun, imene inkaphunzitsa aphunzitsi, alaliki, akalaliki, amisiri a matabwa ndi a njerwa, osindikiza mabuku, otumiza matelegalamu ndi othandiza madokotala. Madzi adabwera m'mipope kuchokera m'mapiri, ndipo mu 1905 makina oyendetsedwa ndi madzi adayamba kupereka magetsi, pa nthaŵi imene matauni ambiri a mu Africa ankaunikira nyali za mafuta. Ophunzira ankachokera kutali, ndipo atamaliza adabalalika ndi nzeru zawo. David Kaunda adapita ku Chinsali monga mlaliki ndi mphunzitsi, ndipo mwana wake Kenneth Kaunda adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Clements Kadalie adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba adali mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo mu 1944 adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress. Mu 1914 Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa adadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyi. Kunena zoona, mbali ina ya ufulu wa Malaŵi idabadwira m'makalasi a njerwa zofiira a pa Khondowe.

Zambiri za nthaŵi imeneyo zikalipo. Nyumba yamiyala yotchedwa Stone House, imene idamangidwa mu 1903 ndipo Dr Laws adakhalamo, ili ndi chipinda chosungiramo zinthu zakale: makalata, zithunzi ndi zida zachipatala. Pali nsanja ya wotchi, ndi chipatala cha David Gordon Memorial chimene chathandiza odwala kwa zaka zoposa 100. M'tchalitchi chachikulu muli zenera la magalasi amitundumitundu losonyeza Livingstone ndi anzake apaulendo, nyanja ili kumbuyo kwawo. Dr Laws adachoka mu 1927, koma ntchito ya maphunziro sidaime. Mu 2003 sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP idatsegula yunivesite pamalo pomwepo.

Pali chinthu china chaching'ono chimene mlendo wothamanga angachiphonye. Mu March 1959 boma la atsamunda lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo atsogoleri a Congress adamangidwa. Ndege ya boma idaponya uthenga pa Livingstonia wofunsa azungu a pa mishoni ngati akufuna kuthaŵitsidwa, ndipo idapempha kuti ayankhe ndi chizindikiro choyala pansi. Anthu a pa mishoni, akuda ndi oyera, adakhala pansi nakambirana. Ndege itabweranso idapeza pa kapinga patalembedwa ndi zilembo zazikulu zoyera dzina la kalata ya Aefeso, mutu 2, ndime 14, ndime imene imanena za kugwetsedwa kwa khoma lolekanitsa mitundu ya anthu. Sadachoke. Chikumbutso cha zilembozo chikalipo pafupi ndi Stone House.

Makilomita oŵerengeka kuchokera pa mishoni pali mathithi a Manchewe. Madzi amagwa mamita pafupifupi 125 kuloŵa m'chigwa choŵirira, ndipo aŵa ndi mathithi aatali koposa m'Malaŵi. Kanjira koterera kamafika ku phanga limene lili kuseri kwa madzi. M'zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo zidasautsa dziko, anthu a m'derali ankabisala m'mapanga otere, mkokomo wa madzi ukubisa kulira kwa ana. Woima m'phangamo, akuona dziko kudzera m'chinsalu cha madzi, amamvetsa bwino chimene mau akuti mtendere amatanthauza.

Khwerero lachitatu: gombe

Kuchokera ku Livingstonia kutsikira ku Chitimba pali mseu wotchuka wa Gorodi, umene udatha kumangidwa mu 1905. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 15 okha, koma uli ndi makona akuthwa okwanira 20, ndipo udasemedwa m'phiri ndi makasu, mapiki ndi manja a anthu. Pa kona iliyonse nyanja imaoneka pafupi kuposa poyamba, ndipo mphepo imanka nitentha. Amene adavala majuzi aŵiri pa Chelinda amafika pa Chitimba thukuta lili kamukamu.

Gombe la kuno ndi la mchenga woyera, ndipo kumbuyo kwake kwaima phiri la Chombe longa tebulo. Kutsidya, kukayera, kumaoneka mapiri a ku Tanzania. Usiku nyanja imadzaza ndi nyali za asodzi a usipa, ndipo m'maŵa matandala amayera ndi nsomba zoyanikidwa. Nthaŵi zina pakati pa nyanja pamakwera chinthu chonga utsi wa lupsa. Si moto ayi; ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'madzi, ndipo mphepo ikatifikitsa kumtunda anthu amatikola ndi malichero n'kupanga ndiwo. Chakummwera, pa Chiweta, pali akasupe a madzi otentha otuluka pansi, ndipo m'mapiri a pafupi muli mgodi wa malasha wa Mchenga. Madzi otenthawo ndi umboni wakuti nyanjayi ili m'chigwa chimene chidapangika dziko litang'ambika, ndipo kung'ambika komweko ndiko kudasiya Nyika pamwamba ndi nyanja pansi.

Nyanja ya kuno ndi yakuya ndipo mwera ukaomba imakalipa. Pa 30 July 1946 sitima ya Viphya idamira m'madzi a m'dera lino pa namondwe, ndipo anthu 145 adataya miyoyo yawo. Sitima ya Ilala imene anthu amaidziŵa lero, yotchedwa dzina la kasitima ka amishoni kaja, idayamba kuyenda mu 1951, ndipo doko la Chilumba ndilo lakhala mathero a ulendo wake wochokera ku Monkey Bay. Pafupi ndi Chilumba, pamalo otchedwa Uraha, akatswiri adapeza chibwano cha munthu wakalekale mu 1991, chimene zaka zake zimaŵerengedwa kupitirira 2 miliyoni. Wofuna kumva zambiri za ichi angapitirire ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004.

Chingwe chomanga makwerero atatu

Chimene chimalumikiza malo onseŵa ndi madzi. Udzu ndi madambo a pa Nyika amamwa mvula ngati chinkhupule, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Chelinda, Runyina ndi Wovwe imayambira pamenepo. Madzi ake ndiwo amamwedwa m'midzi ndi m'matauni a m'munsi, amathirira mpunga m'zigwa za Karonga, amayendetsa makina a magetsi pa Wovwe, ndipo potsiriza amathira m'nyanja imene imadyetsa mtsinje wa Shire. Choncho mlimi wa ku Chikwawa ndi wogwiritsa ntchito magetsi a ku Nkula ali ndi gawo pa udzu wa pa Chelinda, ngakhale sadauonepo.

Udzu umenewu uli ndi adani. Moto wolusa wa m'chilimwe, umene nthaŵi zambiri amayatsa ndi opha nyama mozemba, umadya m'mphepete mwa nkhalango za m'makwaŵa chaka ndi chaka. Misampha ya waya imapha nyama mosasankha. Okumba chinaka chogulitsa amazula maluŵa asanabereke mbeu. Mbeu za paini zimauluka ndi mphepo n'kumera m'malo a udzu. Nazo nyumba zakale za pa Khondowe zimafuna kukonzedwa, pakuti njerwa ndi malata sizikhala mpaka muyaya. Pofuna kulimbana ndi zina mwa izi, Malaŵi ndi Zambia adasainirana pangano mu 2015 losamalira pamodzi nkhalango za m'malire, ndipo mu 2023 boma lidagwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetsere limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. Koma mapangano paokha sazimitsa moto. Akulu adati madzi akatayika saoleka.

Wofuna kupita ayenera kukonzekera. Nyengo yabwino ya mseu ndi kuyambira mu May mpaka mu October. Wofuna maluŵa apite m'dzinja, koma ndi galimoto lamphamvu. Mafuta athire okwanira ku Mzuzu kapena ku Rumphi, atenge chakudya ndi zovala zofunda, ndipo afike pa chipata dzuŵa likadalipo. Nzika za Malaŵi zimalipira ndalama zochepa poloŵa kusiyana ndi alendo akunja. Pa phiri asayende yekha popanda mlonda, chifukwa chifunga chimatsika mwadzidzidzi ndipo zitunda zonse zimafanana. Safunsa adadya phula. Pa Gorodi woyendetsa galimoto aonetsetse mabuleki asanayambe kutsika. Pa gombe afunse eni mudzi malo oyenera kusambira, ndipo asajambule munthu asanapemphe.

Aphunzitsi, mabungwe a mipingo, magulu a achinyamata ndi a alimi amene amasonkha ndalama za ulendo wa pachaka angachite bwino kuganizira dera limeneli. Mwana amene waona mbidzi pa Chelinda, waŵerenga makalata akale mu Stone House, naima kuseri kwa madzi a Manchewe, sadzafunanso kuloŵeza maina ameneŵa pokonzekera mayeso. Adzakhala atawadziŵa ndi mapazi ake, ndipo munthu amasamala chimene akuchidziŵa.